Wometa wa pa Kamuzu Road

Ntchito yanga ndi ya pafupi.
Mlimi amakuwa ali kutsidya kwa munda,
wakabaza amayankhula atakupatsa msana,
koma ine ndimawerama
mpaka mpweya wanga kugwedeza nsidze za munthu.

Zaka zisanu ndi ziwiri m'kashopu ka malata,
kalilole wong'aluka pakona,
ndinkati ndikudziwa mitu yonse ya Salima:
dazi la a Msusa, chipsera cha Ganizani,
nkhongo ya mwana wa abusa.
Chimene sindinkadziwa chinali kuseri kwa milomo yanga.

Anayamba kuyang'ana kukhoma ndikamasema ndevu.
Che Bwanali, wa mpira, wosatha mawu,
anasanduka duu pa mpando wanga,
masaya atafufuma ngati wamira pa Linthipe.
Wina anasiya chingamu pamwamba pa ndalama.
Ndinathokoza. Ndinati ndi ulemu.
Benchi itayamba kugwira fumbi
ndinanamizira magetsi, ndinanamizira Januwale,
ndinanamizira mnyamata wa patsidya pa msewu
kuti wandiyendera kwa sing'anga.

Anandiuza ndi Siyeni, wa zaka zinayi,
nditamunyamula pobwera kuntchito:
"Adadi, m'kamwa mwanu mwafera khoswe."
Mayi ake anagwetsa supuni.
Sanamukalipire.
Apo ndinadziwa kuti nkhaniyi m'nyumba muno ndi yakale.

Usiku ndinanyambita kuseri kwa dzanja,
kudikira liume, kununkhiza.
Tulo sindinatione.

Kuchipatala, pa mzere wa ogwira masaya,
ine ndekha ndinalibe chotupa choonetsa.
Mayi Chimbalanga anangoti, "Yasamulani,"
n'kulowamo ndi kakalilole ka pa ndodo.
Ine wometa, lero ndagona chagada, wina akuwerama.

"Dzino ili lachibwano labowoka,
mukusungiramo usipa wa sabata yatha.
Nkhama zikutuluka magazi, ichi ndi chiseyeye.
Tulutsani lilime. Mwaona zoyerazi, ngati ndere?
Mumalitsuka?"
Lilime amatsuka?
"Ndudu zingati pa tsiku? Madzi mumamwa liti?
Dzuwa la kuno, inu tsiku lonse pansi pa malata,
malovu akauma, tizilombo timachita phwando.
Chingamu chanucho n'kuthira perefyumu pa dzala."

Jakisoni. Chitsulo. Kukukuta kwa muzu.
Anandionetsa dzinolo m'kambale,
lakuda pakati ngati chimanga cha anankafumbwe,
ndipo ndinadabwa kuti kanthu kakang'ono chonchi
kanathamangitsa benchi yonse.

Ndinatuluka nditaluma thonje, malangizo ali m'mutu:
m'mawa, komanso usiku usanagone, makamaka usikuwo;
lilime kuyambira kumbuyo ngakhale likuchititse nseru;
mswachi ukayala ngati tsache lakale, taya;
pa bala, madzi ofunda amchere kuyambira mawa;
ubwerenso tidzapale zouma za m'mbali mwa nkhama.
Fungo likakana kuchoka, tidzafufuze kwina,
shuga, mphuno, m'mimba.

Ndudu ndi imene inandivuta.
Tinasiyana katatu, kubwererana kawiri.

Tsopano pambali pa makina pali botolo la madzi.
Lachisanu Che Bwanali anabwera,
anakhala, anakweza chibwano,
n'kuyamba kutukwana goloboyi wa Lamulungu
nkhope yake ili pansi pa yanga,
mpaka ndinamucheka pang'ono chifukwa choseka.

Koma dzulo kunabwera mnyamata wa tayi,
akuti Loweruka ndi chinkhoswe chake.
Atangoti "muchepetse m'mbalimu,"
ndinamva khoswe uja, ndinamuzindikira.
Masaya anga anayamba kufufuma okha.
M'thumba munali chingamu.

Ndinazimitsa makina.
Ndinatseka kachitseko kuti a pa benchi asamve.
"Achimwene," ndinatero, "musanapite kwa eni mkazi,
ndikuonetseni kaye pamene panali dzino langa."